Gudumu Likayamba Kulira

Anzanga ophunzira, makolo ndi inu abambo athu ansembe, ambiri a ife timayenda pa galimoto zakale. Ndi zimene zimatibweretsa kuno ku seminale sukulu ikamatsegulidwa, ndi zimenenso zimanyamula odwala kumudzi usiku. Galimoto yotere isanawonongeke imayamba yadandaula, ndipo amene amadziwa kumvetsera amapulumutsa ndalama ndi moyo womwe. M'nkhani ino ndikufuna ndikufotokozereni za kulira kumodzi kumene ndidaphunzira kukuzindikira, kulira kwa belingi ya gudumu.

Belingi ndi kachitsulo kobulungira ngati mphete kamene kamakhala pakati pa gudumu. M'kati mwake muli tizitsulo tating'ono togudubuzika mu girizi. Ife a Fomu 3 tidaphunzira mu sayansi kuti zinthu ziwiri zikamakhulana zimatentha ndi kudyana. Ntchito ya belingi ndi kuchepetsa kukhulanako, kuti gudumu lizizungulira mofewa ngakhale litasenza katundu wolemera. Pa galimoto zambiri zakale, gudumu lililonse lakutsogolo lili ndi mabelingi awiri, ina m'kati ina kunja, ndipo tizitsulo take ndi tochepa mbali imodzi ngati chitsononkho. Mtundu umenewu adautulukira Henry Timken wa ku America, amene adalandira chiphaso cha umwini wake m'chaka cha 1898.

Patchuthi chachikulu chapitachi ndinkathandiza amalume anga amene ali ndi kagaraja ku Dedza. Ntchito yanga inali kuwapatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo m'parafini. Tsiku lina kudabwera bambo wina amene amanyamula kachewere kukagulitsa ku Lilongwe. Galimoto yake inali Nissan 1400, kapikapu kaja kamene kankapangidwa ku South Africa mpaka chaka cha 2008. Bamboyo adati kwa milungu itatu galimoto inkalira ngati njuchi zili mu mng'oma, ndipo ankafuna kugula matayala awiri atsopano poganiza kuti vuto lagona pamenepo. Ndalama zake zinali za fizi ya mwana wake wa ku sekondale.

Amalume sadagwire sipanala ayi. Adangoti, "Bambo, musungeni kaye ndalamazo, tiyeni tikaimve." Kwa ine adati, "Mwanawe, kwera, utchere khutu."

Tidalowa mu msewu wa M1 pamalo owongoka, popanda galimoto ina. Poyamba padalibe chomveka. Liwiro litafika makilomita 50 pa ola kudayamba kumveka kung'ung'udza, ndipo kunkakula pamodzi ndi liwiro. Amalume adachotsa giya, galimoto n'kumangotsetsereka injini ikulira pang'ono. Phokoso lidakhalabe. "Ndiye kuti si injini," adatero. Adaponda mafuta n'kusiya kangapo, phokoso osasintha. Adandiuza kuti magiya a pakati pa magudumu akumbuyo akatha, kulira kwake kumasintha ukaponda kapena kusiya mafuta. Kenaka adagunda mabuleki pang'ono, chifukwa phokoso la mabuleki limayamba kapena kuleka ukawaponda. Apanso padalibe kusintha.

Chimene chidandisangalatsa koposa ndi chotsatira. Adakhotetsa chiwongolero pang'ono kumanja, phokoso lidakula. Atabwezera kumanzere lidachepa mpaka kutsala pang'ono kutha. Adandifunsa chifukwa chake, ndipo ndidakumbukira mmene timapendekera tonse mbali imodzi basi ikamakhota. Galimoto ikakhotera kumanja, kulemera kwake kumapita pa magudumu akumanzere, ndipo belingi yotha ikapsinjidwa imalira kwambiri. Tsono wodwala anali kumanzere. Nanga matayala aja? Amalume adati tayala lodyeka mosafanana limalira ndithu, koma kulira kwake kumasintha ukachoka pa phula losalala kupita pokhakhala, ndipo ukasinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo phokoso limasamuka nalo.

Titabwerera ku garaja adandiuza kuti ndiyandikize dzanja pakati pa gudumu lililonse lakutsogolo, mosamala. Lakumanja linali lofunda chabe, koma lakumanzere linkatentha ngati chiwaya. Tidaika miyala kumagudumu akumbuyo, n'kukweza galimoto ndi jeke, n'kuikanso chitsulo chochirikiza pansi, popeza jeke yokha siidalirika. Amalume adazunguza gudumu ndi dzanja ndipo linkamveka kukhadzula ngati muli mchenga. Atagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, linkagwedera. Adandituma kukaponda mabuleki, kugwedera kuja kudatha. Adati kukadapitirira mabuleki ali chipondere, bwenzi akukayikira zitsulo zina zogwira gudumu. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atamasula, bambo uja adaona yekha. Girizi anali wakuda, wosakanikirana ndi madzi ndi tizidutswa tachitsulo tonyezimira. Tizitsulo ta belingi yakunja tinali ndi timaenje, tina titasanduka tobiriwira chifukwa cha kutentha. Mphira yotchinga girizi inali itang'ambika. Amalume adafotokoza kuti nthawi ya dzinja, gudumu lotentha likalowa mu mtsinje limazizira msanga ndipo madzi amalowa podzera pa mphira yothayo. Fumbi la m'chilimwe limalowanso momwemo. Kunyamula katundu wopyola muyezo ndi kugwera m'maenje a mu msewu kumamaliza ntchito.

Adasintha mabelingi onse awiri pamodzi ndi mphete zimene amagudubuzikamo, chifukwa belingi yatsopano pa mphete yakale siikhalitsa. Adaika mphira yatsopano. Girizi adampaka pachikhatho n'kumamkankhira pakati pa tizitsulo mpaka adatulukira mbali inayo. Pomanga nati ndi pamene pafunika dzanja lodziwa. Adaimanga akuzunguza gudumu kuti zonse zikhazikike, n'kuimasula pang'ono, n'kuibwezera mopepuka. Ikathina kwambiri belingi imapsa, ikalekerera gudumu limagwedera. Pomaliza adalowetsa kapini katsopano koletsa nati kumasuka. Pa galimoto zambiri zamakono belingi imabwera yomata kale, yosathiridwa girizi, ndipo ikatha amangochotsa yonse. Koma zizindikiro zake ndi zomwezi.

Ndidafunsa chimene chikadachitika bamboyo akadagula matayala n'kumapitiriza ulendo wake. Amalume adayankha kuti belingi youma imatentha mpaka kugwirana. Ikatero gudumu limatha kuima mwadzidzidzi galimoto ili paliwiro, kapena chitsulo chimene limazungulirapo chimadyeka n'kuthyoka, gudumu n'kuchoka. Taganizani matsitso a ku Dedza, matumba a kachewere ali tho, ndi anyamata awiri onyamula katundu atakhala pamwamba pake. Bambo uja adangogwira pakamwa. Adalipira ndalama zochepa kuposa za matayala aja, ndipo fizi ya mwana wake idatsala yokwanira.

Abambo athu ansembe, inu mumawoloka mitsinje ndi kudutsa misewu yafumbi popita kumatchalitchi akutali. Makolo, ena a inu muli ndi galimoto imene yakulerani ana onse. Nthawi zina tsekani wayilesi, tsegulani zenera, mumve mmene magudumu akuyendera. Mukamva kung'ung'udza kokula ndi liwiro, kosintha mukakhota, pitani kwa makaniko sabata lomwelo, ndipo dzinja likatha mupempheni ayang'ane girizi wa magudumu akutsogolo. Kwa inu anzanga ndikuti, tikamabwerera kwathu pa matola tisachite manyazi kuuza adalaivala mwaulemu tikamva gudumu likulira pansi pathu. Ife amene timakhala kumbuyo nthawi zambiri ndi amene timalimva poyamba.