Mpasa Isanafike Papepala

Ntchito yanga ndi kafukufuku wa nsomba. Asodzi a kuno kwa Malenga Chanzi anandizolowera, amadziwa kuti ngalawa zikamakocheza ndifika padoko ndi thabwa loyezera, sikelo ndi kope. Ndimayeza kutalika kwa nsomba ndi kulemera kwake, zina ndimazitumbula kuti ndione ngati mazira akhwima, kenako ndimalemba kuti yakodwa m'matchera, m'chilimira kapena ndi mbedza. Imene imandisowetsa tulo ndi mpasa, nsomba ija imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje wa Bua kukaswa.

Kope likadzaza, mpamene ntchito yeniyeni imayamba. Choyamba ndi msonkhano wa akatswiri. Umatumiza chidule cha zomwe wapeza, ndime imodzi yokha basi, ndipo akachivomera amakupatsa mphindi 15 kuti ufotokoze ntchito ya chaka chathunthu. Misonkhano yotere simangochitika kunja kokha. Mu 2001 kunali wa kasamalidwe ka nsomba za m'Nyanja ya Malawi ku Lilongwe, ndipo zomwe anthu anakamba zinasonkhanitsidwa m'buku lomwe timaliwerengabe. Mu 2018 bungwe la PAFFA, la ofufuza za nsomba mu Africa muno, linakumana ku Mangochi. Kumsonkhano anthu amaomba m'manja, ena amakupeza pa tiyi n'kukufunsa funso limene anaopa kukuchititsa nalo manyazi pagulu. Funso la pa tiyi limenelo ndi lomwe ndimapitira.

Koma kuomba m'manja si umboni. Ukabwerako umalemba nkhani yonse mwadongosolo n'kuitumiza kumagazini ya sayansi, monga African Journal of Aquatic Science kapena Journal of Great Lakes Research. Mkonzi amaipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu omwe nthawi zambiri mayina awo sudzawadziwa, ndipo iwo salipidwa kanthu. Umadikira miyezi. Yankho likabwera, ndi bwino kuliwerenga utadya kale.

Mafunso awo amalasa pomwe pali bala. Ukalemba kuti mpasa zachepa, amafunsa kuti wadziwa bwanji kuti si ngalawa zomwe zinachepa panyanja. M'mwezi wa Juni ndi Julaye mwera ukakalipa asodzi ambiri sapalasa, ndiye nsomba padoko zimachepa ngakhale m'madzi zilimo. N'chifukwa chake sitiwerenga nsomba zokha, timawerenganso ngalawa, kutalika kwa ukonde, kukula kwa maso ake ndi maola amene unakhala m'madzi. Wina amafunsa ngati zomwe ndinayeza zinalidi mpasa zonse, poti mpasa yaing'ono ndi sanjika zimafanana kwambiri. Wina amati ndiyerekeze ndi zomwe Denis Tweddle analemba za kaswedwe ka mpasa m'zaka za m'ma 1980. Mfundo iliyonse umaiyankha payokha. Pomwe walakwitsa ndi iyeyo umamuuza mwaulemu, ndi manambala m'manja, chifukwa ena mwa owunikawa Bua anangomuona pamapu.

Achinyamata amene akulowa ntchitoyi ndimawachenjeza za makalata omwe amagwa pa intaneti msonkhano ukangotha. Amakutamanda ngati mfumu, amalonjeza kusindikiza pepala lako pasanathe sabata, ungotumiza madola. Kumeneko kulibe wowunika, kuli msika chabe, ndipo dzina lako likalowamo kulichotsa n'kovuta. Magazini enieni nawonso ena amalipiritsa ndalama zoposa malipiro a wofufuza wa kuno, koma angapo amakhululukira olemba ochokera m'mayiko ngati lathuli. Kupempha sikuchotsa ulemu.

Ena amati kuvutika konseku n'kwachiyani, lipoti la muofesi silokwanira kodi? Ine ndimawakumbutsa nkhani ya boma lathu lomwe lino. Mu 1938 gulu lotsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt linayamba kufufuza za chakudya ndi thanzi m'midzi ya boma la Kota Kota, monga ankalitchulira nthawiyo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inabuka, mapepala awo anangokhala, ndipo anadzatuluka ngati buku mu 1992. Gawo la nsomba, lomwe anachita Bertram, Borley ndi Trewavas mu 1939, linasindikizidwa mu 1942, ndipo ofufuza za chambo akhala akutsamirapo kuyambira pamenepo. Pomwe mapepala enawo ankatuluka, ana amene anapimidwa m'midzi ija anali ndi zidzukulu.

Pepala likatuluka limakhala m'Chingerezi cholimba, choti ngakhale mphunzitsi wa kusekondale angachilavule. Choncho ndimapempha komiti ya padoko kuti tikumane, n'kufotokoza zonse m'chilankhulo chathu. Apa mpamene pali owunika ovuta kuposa a kunja aja, poti awa amakuyang'ana m'maso. Tsiku lina bambo wina wachikulire, amene manja ake anachita zikang'a ndi zingwe za ukonde, anandimvetsera mpaka kumapeto.

“Mwanawe, zonsezi wanena bwino,” anatero. “Koma aja amatchinga pamathiriro pa Bua usiku, nsomba zawo unaziyeza liti? Paja sizifika padoko.”

“Sindinaziyeze, bambo,” ndinayankha.

“Ndiye ukawauze anzako a mapepalawo kuti manambala awo ndi a masana okha.”