Kuteteza Zolembedwa za Bizinesi: Zimene Durban ndi Chonde Angaphunzitsane

Namondwe wa Freddy atakantha chigawo chakummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, kotero chidwi cha boma ndi mabungwe chinali, monga kunayenera, pa miyoyo, nyumba, milatho ndi minda ya m'maboma monga Mulanje ndi Phalombe. Koma pali chuma china chimene sichilowa m'kaundula wa zowonongeka, chomwe ndi zolembedwa za bizinesi: buku la ngongole la wogulitsa feteleza ndi mbewu, buku limene ajenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba amasainitsamo makasitomala, mabuku a masheya a banki mkhonde, ndiponso foni yosunga manambala a alimi a nandolo. Pamalo a malonda ngati Chonde, pomwe ndalama zimayenda kwambiri mu Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, zonsezi kawirikawiri zimagona m'dilowa imodzi pansi pa kauntala.

Kuno ku South Africa, makampani anaphunzira nkhaniyi movutikira. Mu Julayi 2021 achiwembu a pa intaneti anatseka makompyuta a kampani ya boma ya Transnet, moti ntchito yotsitsa ndi kukweza makontena padoko la Durban inasokonekera kwa masiku angapo, ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal n'kuimitsa fakitale ya Toyota ku Prospecton kwa miyezi. Chimene Mmalawi wogwira ntchito m'kampani yokhazikika ya kuno amachiona n'chakuti pamakhala dongosolo lolembedwa lobwezeretsera ntchito ngozi ikadutsa, lomwe limayankha mafunso awiri ngoziyo isanafike. Loyamba ndi lakuti kampani ingapirire kutaya zolembedwa za maola angati, ndipo yankho lake ndi limene limalamula kuti makope azitengedwa kangati. Lachiwiri ndi lakuti ntchito ingaime nthawi yaitali bwanji bizinesi isanayambe kufa. Pamwamba pa izi pali lamulo lotchuka la 3-2-1, lotanthauza makope atatu a deta, osungidwa pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi mwa iwo lili kutali ndi malo a ntchito, ndipo makopewo amayesedwa nthawi ndi nthawi, popeza kope limene silinatsegulidwepo silingadaliridwe.

Kumudzi, chimene chimagwira ntchito ya kope ndi chikumbumtima cha anthu ndi umboni wa anzawo. Pa banki mkhonde, ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa mamembala onse, ndipo bokosi limakhala ndi maloko atatu amene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana, kotero palibe munthu mmodzi amene gulu lonse lingafe naye. Nzeru imeneyi ndi imene makampani a kuno amailipira ndalama zambiri pofuna kuti chinsinsi cholowera m'makompyuta chisakhale m'mutu mwa wantchito mmodzi. Kufooka kwake n'kwakuti madzi akasefukira amamwaza buku ndi mboni zomwe nthawi imodzi, ena kumisasa, ena kwa abale kutali, ndipo mwini sitolo amene masamba a buku lake amamatirirana, inki itasungunuka, amatsala ndi ngongole zimene sangazitsimikizire pomwe omupatsa katundu ku Limbe akuyembekezera zawo.

Sikuti zonse za kuno zingatengedwe momwe zilili. Kusunga deta pa intaneti, m'makompyuta a makampani monga Google, kumafuna magetsi, netiweki ndi bandulo, koma ku Malawi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale nthambi za boma sizotetezeka, pakuti mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowa m'makina osindikizira mapasipoti n'kufuna dipo. Choncho dongosolo loyenera wamalonda wa pa Chonde ndi losakaniza pepala ndi foni: kujambula masamba a buku la ngongole madzulo a tsiku la msika, kutumiza zithunzizo pa WhatsApp kwa mbale wodalirika wokhala kumalo amene chigumula chomwecho sichingafikeko, kusunga buku lenilenilo m'pulasitiki pamalo okwera, kulemba manambala ofunika papepala, ndiponso kusunga chiphaso cha unzika posiyana ndi foni, chifukwa popanda chiphasocho kubwezeretsa simu yotayika, pamodzi ndi ndalama zimene zili pa nambalayo, kumavuta. Kamodzi mvula isanayambe, mbaleyo atumize zithunzizo kuti zionedwe ngati zikuwerengeka. Popeza zithunzizo zili ndi mayina ndi ngongole za anthu, ziyenera kusungidwa mwachinsinsi, mogwirizana ndi cholinga cha lamulo loteteza deta limene Malawi anakhazikitsa mu 2024.

Apa ndi pamene Amalawi okhala ku Durban, Johannesburg ndi Cape Town ali ndi udindo woposa kutumiza ndalama za chipepeso ngozi itachitika kale. Ambiri mwa iwo ndi amene anapereka mpamba wa masitolo ndi zigayo za kumudzi, ndipo mtunda umene umawalekanitsa ndi abale awo ndi womwenso ukuwayenereza kukhala osunga kope lakutali lija. Malata ndi katundu zimagulidwanso mpamba ukapezeka, koma ngongole yopanda umboni sibwerera, n'chifukwa chake wotumiza mpamba ayenera kupempha zithunzi za mabuku sabata iliyonse, kuyambira nyengo ya mvula isanafike.