Mizere Yoyera ya pa Bwalo la Ndege

Woyendetsa ndege akamatsika kuti atere pa bwalo la ndege la Chileka, maso ake amafunafuna mizere yoyera ndi manambala amene ife opaka penti tinalemba pa phula. Ntchito yanga ndi imeneyo. Ndinaiphunzira m'misewu ya galimoto, kenaka kapitawo wina ananditenga kukagwira pa mabwalo a ndege, kumene kalikonse kali ndi muyezo wake m'malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, lomwe likulu lake lili ku Montreal.

Pa msewu wotera ndi kunyamukira ndege timapaka zoyera zokhazokha. Zachikasu ndi za tinjira timene ndege imadzeramo pang'onopang'ono popita kokaima. Manambala aja sitilemba za m'mutu mwathu. Msewu waukulu wa ku Chileka uli ndi 10 mbali ino ndi 28 mbali inayo, chifukwa ndege yotera pa 10 imaloza madigiri pafupifupi 100 pa kampasi, chakum'mawa, pomwe yochokera kwinako imaloza 280. Nambala iliyonse ndi yotalika mamita 9, moti ukaima pakati pake suizindikira. Imawerengeka bwino kwa amene ali m'mwamba. Poyambira msewu pali mizere ikuluikulu yondandalikana, ndipo kuchuluka kwake kumamuuza woyendetsa kutambalala kwa msewuwo: 8 ngati ndi wa mamita 30, 12 ngati ndi wa mamita 45.

Kupopera penti sikuchedwa. Chimene chimadya tsiku ndi kukonza pansi. Masaveya amatikhomera zizindikiro, ife n'kukoka chingwe chopaka choko, kuchitukula pang'ono n'kuchisiya kuti chimenye pa phula, mzere woongoka uja n'kuoneka. Phula latsopano limatuluka mafuta, ndiye ukafulumira kupaka, choyera chija chimasanduka chofiirira. Timayamba tapaka pang'ono chabe, n'kudikira masabata angapo kuti likhwime. Msewu wakale uli ndi vuto lina: pamene matayala amagunda pansi, labala imamatirira n'kukwirira mzere wapakati, komanso pamaterera kukagwa mvula. Imachotsedwa ndi madzi opopedwa mwamphamvu tisanabwere ife.

Pamene ndimaonera mmisiri weniweni ndi pa timikanda tagalasi. Ndi tating'ono ngati shuga, ndipo makina amatimwaza pa penti isanaume kuti usiku kuwala kwa nyale za ndege kuzibwerera m'maso mwa woyendetsa. Tikagwa mochedwa timangogudubuka n'kupita ndi mphepo. Penti ikachuluka timamira, mzere n'kukhala wakhungu. Masana zonsezi zimaoneka bwino chimodzimodzi, n'chifukwa chake ine ndimabwererako kutada, kugwada, kuika tochi pafupi ndi tsaya langa n'kuunika mzerewo. Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Chiperoni chikabwera phula limachita chinyezi ndipo penti sigwira. Mphepo ikalimba imauluza penti, m'mphepete mwa mzere n'kukhala manyanyanya. Tsiku lotere ndi bwino kutseka makina, ngakhale bwana akwiye.

Pa bwalo la ndege suyenda mmene wafunira. Pali mizere yachikasu yopingasa imene munthu kapena galimoto sadumpha asanaloledwe ndi a pa nsanja kudzera pa wailesi. Zida timaziwerenga polowa ndi potuluka. Kapitawo wathu ankaima pa geti n'kunena kuti, "Achimwene, pisani m'matumba. Chimene mwalowa nacho mutuluke nacho." Anyamata ena ankaona ngati nkhanza, mpaka atamva za ndege ya Concorde imene inagwa pafupi ndi Paris mu July 2000. Tayala lake linaponda kachitsulo kamene kanagwa pa msewu kuchoka ku ndege ina, linaphulika, moto unabuka, ndipo anthu 113 anafa.

Kuno kwathu nako za chitetezo zinatikhudzapo. Mu January 2019 kampani ya South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Blantyre oona za chitetezo cha ndege a ku South Africa atadandaula za mpanda wa bwalo la Chileka, galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi. Chaka chomwecho msewu waukulu wa pa bwaloli unatsekedwa kwa miyezi kuti ukonzedwe, ndipo ofuna ndege zikuluzikulu ankayenda makilomita oposa 300 kukakwerera ku Lilongwe. Amalonda, odwala opita kunja ndi ochita za alendo onse anamva kuwawa kwake.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ndalama zimapezeka zomangira, koma zosamalira zimasowa. Nyumba yatsopano ya apaulendo imadulidwa riboni, anthu n'kujambulitsa. Penti ilibe mwambo, komabe dzuwa lathu lino ndi matayala zimaidya msanga. Pa bwalo lina laling'ono, limene sindilitchula, ndinapeza mzere wapakati utafufutika mbali yaikulu, udzu ukumera m'ming'alu, ndipo anandiuza kuti chaka chimenecho bajeti inalibe za penti. Woyendetsa ndege yaikulu amafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 250 pa ola, nthawi zina mvula ikukhuthuka, ndipo mzere umene akuudalira kuti asapatuke, m'mabwalo ambiri, ndi wa masentimita 45 okha m'lifupi. Ndikanakonda kuti pangano lililonse lokonza bwalo lizinena poyera chaka chimene opaka penti adzabwerenso, ndi thumba limene ndalama zake zidzachokere.