Giya Yamphamvu, Matayala Awiri Okha

Pabanja pathu tili ndi Land Cruiser yakale yabokosi kumbuyo, ya mtundu umene kampani ya Toyota inayamba kupanga mu 1984, womwewo umene timauona ukunyamula odwala m'zipatala za kumidzi. Imatuta chimanga, imakoka ngolo ya manyowa, ndipo mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana usiku, anthu amagogoda pakhomo pathu. N'chifukwa chake tonse amene timaiyendetsa, bambo, mayi ndi mwana wathu wachisamba, tinagwirizana kuti tiidziwe bwino.

Pambali pa giya yaikulu pali kandodo kakafupi kolembedwa H2, H4, N ndi L4. Pakati pa tayala lililonse lakutsogolo pali habu yotembenuza ndi dzanja, yolembedwa FREE ndi LOCK. Anzathu amatifunsa kawirikawiri kuti: “Kodi n'zabwino kuika L4 mahabu ali pa FREE?” Amakaniko ena amakaniratu, pamene madalaivala ena amati amatero tsiku lililonse. Ife timatero ndithu, koma pamalo ake, ndipo malirewo timawasunga.

Kandodo kaja ndi mahabu amagwira ntchito zosiyana. Mukaika L4, bokosi logawa mphamvu limachita zinthu ziwiri. Limatumiza mphamvu ku shafuti yakutsogolo, komanso limachepetsa liwiro n'kuchulukitsa mphamvu yokoka, pa galimoto ngati yathu pafupifupi kawiri ndi theka. Koma mphamvu yopita kutsogoloyo imafika kutayala kudzera m'habu basi. Mahabu otere anatchuka ku America kuyambira mu 1948, pamene Arthur Warn anayamba kuwapangira magalimoto a Jeep, kuti pamsewu wabwino zitsulo zakutsogolo zisamazungulire pachabe n'kumatha. Choncho habu ikakhala pa FREE, shafuti ndi difu yakutsogolo zimazungulira ndithu, koma matayala akutsogolo amangogubuduzika. Amene akukankha galimoto ndi akumbuyo okha.

Nanga munthu angafunirenji zimenezi? Taganizirani kubweza ngolo yodzaza m'mbuyo kuti ilowe pageti lopanikiza, pabwalo louma gwa kapena la simenti. Mu H2, rivesi imathamanga, ndiye dalaivala amapondereza klachi mwatheka mpaka kumva fungo lakupsa. Klachi yotero sikhalitsa, ndipo kuisintha n'kutsitsa giyabokosi yonse. Mukati mukhome mahabu n'kuika L4, vuto lina limabuka. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, koma galimoto zamtunduwu zilibe difu yapakati yolola kusiyana kumeneku. M'matope kapena mumchenga tayala limaterereka pang'ono, zinthu n'kumasuka. Pouma palibe kuterereka, ndiye mashafuti amapotana, chiwongolero chimauma, matayala amakhukhuluzika, ndipo kandodo kaja kamakana kutuluka.

Apa ndiye L4 ya mahabu omasuka imatithandiza. Timaima kaye, n'kulowetsa L4, n'kuchotseratu phazi pa klachi. Galimoto imakwawa ngati kamba, chiwongolero chili chofewa, ngolo ikumvera. Kuyenda pang'onopang'ono kotero kumapatsa dalaivala mpata woyang'ana magalasi ndi kumva mawu a womulondolera. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, mpata umenewo ndi wamtengo wapatali kuposa klachi. Ngakhale zili choncho, sitibweza galimoto tisanaone mwana aliyense ataima pakhonde.

Malire oyamba ndi a katundu. Mphamvu yochulukitsidwa ija inakonzedwa kuti igawidwe kutsogolo ndi kumbuyo. Mahabu akamasuka, yonse imathera pa difu ndi mashafuti akumbuyo, ndipo paja mutu umodzi susenza denga. Kuponda mafuta mwaukali, kumasula klachi modzidzimutsa, kuzula chitsa kapena kukoka lole yotitimira n'kuika moyo wa difu pachiswe. Lamulo lathu ndi lakuti L4 ya matayala awiri timaifunira kudekha, osati kukoka. Injini ikayamba kubuula, timaima n'kukhoma mahabu, kapena kuchepetsa katundu.

Malire achiwiri ndi amene amatikhudza mtima kwambiri, chifukwa apa sipawonongeka chitsulo chokha. Pa galimoto zambiri zoterezi, kanyale ka 4WD ka padashibodi kamayaka chifukwa cha kandodo, ndipo sikadziwa kalikonse za mahabu. Dalaivala akhoza kuona kanyale katayaka, injini ikulira mwamphamvu, n'kukhulupirira kuti matayala onse anayi akugwira, pamene akutsogolo ali phee. Pokwera chitunda choterera, akumbuyo amangozungulira n'kukumba dzenje msanga kuposa mu H2. Potsika ndiye poopsa. Timadalira injini kugwira galimoto kuti mabuleki asatenthe, koma mahabu akamasuka injini imagwira matayala akumbuyo okha, amenenso amapepukidwa potsika chifukwa kulemera kumathamangira kutsogolo. Akaterereka, kumbuyo kumayamba kupita m'mbali. Amene anatsikapo mitsetse ya ku Thyolo kapena ya ku Neno mu Januwale, dothi lofiira litanyowa ngati sopo, akudziwa kuti pamenepo palibe nthawi yotsika n'kukatembenuza habu.

Choncho tili ndi chizolowezi chimene sitikambirananso. Pamene phula lathera m'nyengo ya dzinja, timaima, dalaivala n'kutsika yekha. Amakhoma mahabu onse awiri, chifukwa imodzi yokha ndi chimodzimodzi kusakhoma: difu imathawitsira mphamvu kumbali yomasukayo. Amaonetsetsa kuti chizindikiro chafika penipeni pa LOCK, osati pakati. Wina akati, “Ndakhoma kale, achimwene,” timathokoza, koma timakaonabe ndi maso athu. Mahabu okhoma mu H2 savulaza galimoto, amangowonjezera pang'ono mafuta ndi phokoso. Kandodo tikhoza kukasuntha tili pampando matope akayamba, koma habu imafuna munthu atsike, ndipo ndi bwino kutsika pouma kusiyana n'kutsika madzi ali m'mawondo, wodwala akubuula kumbuyo.

Pali zina ziwiri zazing'ono zimene timasunga. Mahabu akakhala pa FREE sitikankhira kandodo ku H4 galimoto ikuyenda, popeza shafuti yakutsogolo imakhala itaima ndipo mano a magiya akhoza kukukutana. Ndipo m'chilimwe, pamene miyezi imatha osafuna matayala anayi, timatsatira malangizo a opanga galimoto oyenda makilomita 16 mwezi uliwonse mahabu ali okhoma, kuti mafuta ndi girizi zifike paliponse. Habu yokhala chaka osatembenuzidwa imauma, ndipo imadzakanira tsiku limene mukuifunitsitsa.

Ngati pakhomo panu pali galimoto yotere, musasiye nkhaniyi m'mutu mwa bambo okha. Tsiku limene iwo adzakhale wodwalayo, wina ndiye adzagwire chiwongolero. Sabata ino tulukani nonse pabwalo, aliyense agwade patayala lakutsogolo, atembenuze habu ndi dzanja lake mpaka aimve ikulowa, kenaka azungulire akatembenuzenso inayo.