Dziwe la Nkhalamba Lifuna Ulemu

Mwa malo onse amene mabanja ndi magulu a achinyamata amakonda kukachezako pa tchuthi, ochepa ndiwo aposa mathithi a Likhubula m'phiri la Mulanje. Ifenso takhala tikupitako, ndipo chokoka anthu tikuchidziwa. Munthu amasiya minda ya tiyi kumunsi, nalowa m'nkhalango, nakwera chitunda mpaka thukuta kamukamu. Kenaka amamva mkokomo, ndipo posakhalitsa amaona madzi akugwa kuchokera pathanthwe kulowa m'dziwe lalikulu lozingidwa ndi miyala. Limeneli ndilo Dziwe la Nkhalamba.

Dzinali lili ndi mbiri yake. Akuluakulu a m'midzi ya m'tsinde mwa phiri amasimba kuti kale pamalopo pankaoneka nkhalamba ya imvi, ndi kuti phirili ndi mudzi wa mizimu ya makolo. Ngakhale nsonga yake yaitali koposa, ya mamita 3,002, anaitcha Sapitwa, dzina limene palokha ndi chenjezo. Mwana woleredwa ndi nthano zotere sankafika padziwepo mwachibwana. Masiku ano ambiri amangoseka akazimva, komatu nthanozo zinali ngati mpanda wotchinga ana ku madzi akuya. Mpandawo wagwa, pamene dziwe likadali lakuya monga kale. Alipo mabanja amene anatumiza mwana ku ulendo wachisangalalo nalandira uthenga wa maliro. Tsono pamene mantha atha, pafunika kuikapo nzeru.

Choyamba ndi kuzizira. Madziwa amatsika kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo amakhala ozizira ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Munthu wotenthedwa ndi ulendo akadumphiramo mwadzidzidzi, thupi limadzidzimuka, ndipo amakoka mpweya asakufuna. Ngati mutu uli pansi pa madzi, amakoka madziwo. Pakapita mphindi zingapo manja ndi miyendo zimachita dzanzi, kotero kuti ngakhale katswiri wosambira m'nyanja yofunda ku Mangochi angathe kulephera kubwerera kumtunda.

Chachiwiri ndi thovu loyera la pamene madzi akugwera, limene anyamata amapikisana kukaligwira. Madzi osakanikirana ndi mpweya sanyamula thupi monga achitira madzi odekha, ndiponso pamenepo amazungulira nabwezera munthu pansi pa mathithi. Miyala ya m'mbali nayo ili ndi ndere zoterera, ndipo ina yabisala pansi pomwe wodumpha sangaione.

Chachitatu ndi mvula yosaoneka. Phiri la Mulanje limakola mitambo yochokera ku Mozambique, ndipo mvula ingathe kugwa pamwamba pamene kumunsi kuli ngwee. Mtsinje umadzaza mosachenjeza. Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi akayamba kuda ndi kubwera ndi masamba kapena tinkhuni, ndiye nthawi yotuluka msanga. Anthu a ku Mulanje ndi ku Phalombe sadzaiwala mmene madzi ndi miyala zinatsikira m'phirimo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Sitikunena kuti mabanja aleke kupitako, iyayi. Tikunena kuti tipite monga alendo aulemu. Ulendo ukhale wa m'miyezi yopanda mvula. Pa Likhubula alipo operekeza alendo, ana a komweko odziwa mtsinjewo; ndalama imene tiwapatsa ndi yochepa poyerekeza ndi moyo wa mwana, ndipo safunsa anadya phula. Tikafika, tiyambe tapuma kuti thupi lizizire, kenaka tilowe pang'onopang'ono m'mbali mosaya. Wamkulu mmodzi akhale pamtunda osasambira, osacheza, ntchito yake ikhale kuwerenga mitu ya ana. Mowa utsale kunyumba. Wina akayamba kumira, timponyere ndodo, chingwe kapena chitenje ife tili pamtunda, pakuti womira amagwira mwamphamvu aliyense womuyandikira, ndipo maliro amodzi amasanduka awiri.

Ulemu womwewo ufikenso pa madzi enieniwo. Amene timasambirawo ndi omwe amayi a m'midzi ya kumunsi amatunga, ndipo ena amayenda m'mapaipi kukafika ku Blantyre. Sopo, mabotolo osweka ndi mapepala apulasitiki amene mlendo ataya, wina amakumana nazo pa mtsuko wake. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha ulemu umene anthu a kumeneko akhala akulipatsa kuyambira kale.

Mawu a akulu akoma akagonera. Ife makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu ndife tsopano nkhalamba za padziwepo. Amene atuluka pakhomo m'mawa akuimba, tiwabweze onse madzulo, wina osasowapo.