Zoluka za pa Khirisimasi

Amayi anzathu a Mvano, ife a kuno ku Mulanje tidziwa kuti mvula ikagwa mu November manja onse apita kumunda, ena kukathyola tiyi, ndipo singano zolukira zigona m'dengu. Chifukwa chake juzi ya mwana wamasiye, imene tifuna kuipereka pa 25 December, tiiyambe mu August. Tisagwire zinthu zitatu pamodzi. Chimodzi chithe, pamenepo china. Tiluke mizere khumi tsiku ndi tsiku dzuwa lisanalowe, pakuti mafuta a nyale ngodula. Tsono mtima ukafooka, tikumbukire chiperoni, mphepo ija ya nkhungu yochokera ku Mozambique mu June, ndi mwana amene adzazizidwa nayo ngati juzi yake itsala yopanda mkono.