Loweruka ku MaKhumalo

M'mawa wa Loweruka, bawa ya MaKhumalo ku Makokoba, imene eni dera amaitcha Big Bhawa, imadzuka ndi tsache ndi fungo la masese a dzulo. Oyamba kulowa ndi madala opuma pantchito, ena mwa iwo ana a matchona amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kunjanji ndi m'mafakitale a Bulawayo. Amapatsirana chikho chimodzi cha Ingwebu, mowa wa khonsolo ya mzinda umene unayamba kufululidwa mu 1946, ndipo sathamanga nacho, pakuti chowabweretsa n'kucheza. Malo ano ndi bwalo la anthu osauka, ndipo ayenera kusamalidwa monga momwe Munich imasamalirira Oktoberfest, chikondwerero chake cha mowa chimene chinayamba mu 1810 ndipo chimakoka anthu pafupifupi 6 miliyoni pachaka.

Dzuwa likafika paliwombo, chifukwa chosamalira malowa chimaonekera. Makokoba ndiye lokesheni yakale kwambiri mu Bulawayo, tinyumba take n'topanikizana, ndipo banja lonse limatha kugona m'chipinda chimodzi. Munthu wotere alandirira kuti alendo? Ku bawa kuno ndiko amamvera za ganyu, za wodwala ku chipatala cha Mpilo, za amene wabwera kuchokera ku Johannesburg, ndipo magulu osonkherana ndalama za maliro akhala akukumana m'mabawa otere kuyambira kale.

Otsutsa amati mabawa a khonsolo anali msampha wa atsamunda, ndipo sakunama. Njirayi inayambira ku Durban cha m'ma 1909: kuletsa amayi kufulula, kugulitsa mowa wa khonsolo wokha, phindu lake n'kumayendetsera malokesheni. Ku Bulawayo, Hugh Ashton, amene anayang'anira nkhani za anthu akuda kuyambira mu 1949, anamangira ndalamazo nyumba ndi malo ochitira masewera, kutanthauza kuti wantchito ankadzilipirira yekha chitukuko kudzera pakhosi. Koma cholinga cha womanga sichinatheretu mphamvu okhalamo. Iwo anasandutsa mabawawo kukhala awo.

Kukada, dandaulo lachiwiri limakula mphamvu. Nyimbo zimakwera, ndewu imabuka, ndalama ya ufa imathera pakauntala, ndipo amene amalira ndi mayi ndi ana. Zimenezi n'zowawa. Komabe kutseka bawa sikuthetsa ludzu. Womwa amasamukira kumashabini ndi kutimabotolo ta njengu, kachasu wotsika mtengo amene akufooketsa achinyamata, kumene kulibe nthawi yotsekera ngakhale mkulu wodzudzula. Ku MaKhumalo geti limatsekedwa, ndipo woledzera amaperekezedwa kwawo ndi anthu omudziwa dzina.